Module ya Bluetooth ndi Wi-Fi patatha miyezi yambiri: nkhani yonse ili pa pini imodzi

Mnzanga wina amene akukonza bolodi yakeyake ya chipangizo chamagetsi anandifunsa ngati module ya Bluetooth ndi Wi-Fi (kabolodi kakang'ono konyamula chipu cholumikizira popanda waya) imene tinaika m'zipangizo zathu chaka chatha ndi yoyenera kuigula. Yankho lake silikanakwana m'mawu awiri, chifukwa pali masiku amene ndimaiyamikira, ndipo pali masiku ena amene ndimafuna kuizula pa bolodi iliyonse.

Mbali ya Wi-Fi, yodzera pa SDIO (njira yolumikizira ya mtundu wa makadi a SD), sinatisowetsepo tulo kuyambira pamene tinailumikiza ku mmc-pwrseq-simple, dalaivala (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) wa Linux woyatsa mbali imeneyi mwandondomeko. Bluetooth ikadzuka imagwira bwino, imafika patali mokwanira, ndipo batire limakhalitsa bola wotchi ya 32.768 kHz ikufika pa chipu nthawi zonse. Kutentha sikunativutepo.

Vuto lili pa kudzukako. Mukachotsa magetsi n'kubwezeretsa, zonse zimayenda. Koma chipangizo chikayambiranso magetsi asanachoke, monga pambuyo polandira pulogalamu yatsopano kudzera pa intaneti kapena watchdog (mlonda amene amayambitsanso chipangizo chikaima) akachigwetsa n'kuchidzutsa, hci0 (dzina limene Linux imapatsa Bluetooth) imaoneka koma siyankha, ndipo mu dmesg (momwe Linux imalembamo mauthenga ake) mumangopezeka mzere wakuti "command 0x0c03 tx timeout" pamodzi ndi nambala ya -110, kutanthauza kuti nthawi yodikira yankho yatha. Lamulo la 0x0c03 ndi HCI Reset, louza chipu cha Bluetooth kuti chibwerere poyambira, limene kernel (mtima wa Linux) imayamba kutumiza isanachite china chilichonse, koma poti limadzera pa UART (mawaya amene purosesa ndi chipu zimalankhulirana pa liwiro limene zagwirizana), chipu chiyenera kulimva kaye kuti chilitsatire. Chipu chikangoyatsidwa chimamvetsera pa liwiro la mabiti 115200 pa sekondi, kenaka dalaivala amachipatsa firmware (pulogalamu ya m'kati mwa chipu) n'kukweza liwiro kufika pa 3000000. Purosesa ikayambiranso imaiwala zonsezi n'kubwerera pa 115200, pamene chipu, chimene magetsi sanachokemo, chidakali pa liwiro lapamwamba lija ndi firmware yake ili m'kati. Wina akunong'ona pang'onopang'ono, mnzake akudikira mawu othamanga, ndipo palibe amene akumva mnzake.

Mankhwala ake ndi odziwika: pini ya BT_REG_ON (kamwendo ka module koyatsira Bluetooth) iyenera kutsitsidwa, kutanthauza kugwetsa magetsi ake, kuti mbali ya Bluetooth ibwerere poyambira, kenaka n'kukwezedwanso. M'mapulogalamu amene wogulitsa anapereka pamodzi ndi module munalibe malo alionse pamene pini imeneyi inkatsitsidwa. Bootloader (pulogalamu yoyamba kuyenda chipangizo chikayatsidwa) inkaikweza, gpio-hog (lamulo logwira pini pamlingo umodzi) ya mu device tree (fayilo yofotokozera kernel zimene zili pa bolodi) inkaigwira ili pamwamba pomwepo, ndipo kapulogalamu kena kankaitana hciattach, pulogalamu yolumikiza Bluetooth ku UART, poyambira. Imeneyi ndi njira yakale, chifukwa serdev, gawo la kernel loyang'anira zipangizo zodzera pa UART, inalowa mu Linux 4.11 m'chaka cha 2017, ndipo kuyambira pamenepo chipu cha Bluetooth chimatha kulembedwa pansi pa UART yake mu device tree kuti dalaivala aziyang'anira yekha mapini, mawotchi ndi magetsi ake. Tinachotsa gpio-hog, tinapereka pini ija kwa dalaivala polemba shutdown-gpios ndi GPIO_ACTIVE_HIGH mu device tree, tinalembanso vbat-supply ndi vddio-supply, ndipo vuto linatheratu. Ndikanalemba nthawi imeneyo, ndikanati module ndi yabwino kwambiri, kungoti mapulogalamu ake ndi ongotaya.

Kenaka kunafika katundu wachiwiri, wa nambala yomweyo, m'mabokosi ofanana ndi oyamba aja. Zipangizo zopangidwa ndi katundu ameneyu zitafika kwa makasitomala, mzere uja wa 0x0c03 unabwereranso, koma tsopano mwa apo ndi apo: chipangizo chimodzi chomwecho chinkadzuka bwino lero, mawa n'kukana. Vuto lotere ndi loipa kuposa loyamba lija, chifukwa pa tebulo loyesera limabisala, ndipo limatulukira pamene chipangizo chapachikidwa pakhoma kutali ndi aliyense wodziwa kuchikonza.

Oscilloscope, makina oonetsa mmene magetsi akusinthira, ndi imene inaulula. Pa module yakale, dalaivala akatsitsa pini, mzere woonetsa magetsi a piniyo umagwa nthawi yomweyo kuchoka pa 1.8 V kufika pansi. Pa yatsopano tinatsegula kachivundikiro kachitsulo n'kuyeza pafupi ndi chipu penipeni, ndipo mzerewo unkatsetsereka pang'onopang'ono, moti nthawi zina dalaivala ankaukwezanso usanafike pamlingo umene chipu chimauwerenga ngati wapansi. Pambali pa njira ya pini ija panali resistor ndi capacitor ting'onoting'ono (tizipangizo timene pamodzi timachedwetsa kusintha kwa magetsi), zimene sizikupezeka pa chojambula chilichonse chimene tinapatsidwa. Kudzuka kapena kusadzuka kunkatengera kutalika kwa kamphindi kapakati pa kutsitsa ndi kukweza, ndipo kamphindi kameneka kamasinthasintha malinga ndi zimene kernel yatanganidwa nazo poyambira. Tinawonjezera kudikira kwa mamilisekondi angapo pambuyo potsitsa pini, ndipo zipangizo zinakhazikika. Kusinthako ndi kwa mizere yochepa, koma ndi kwathu tokha, choncho tidzakhala tikukunyamula ndi kukuyesanso nthawi iliyonse imene tikusamukira ku kernel yatsopano. Linux 6.11 ya 2024 inabweretsa gawo la pwrseq, loyang'anira ndondomeko ya kayatsidwe ka machipu amene Wi-Fi ndi Bluetooth zimagawana magetsi, koma ngakhale gawo labwino chotero silingadziwe za capacitor imene mwini wake sanauze munthu.

Za wogulitsa ndilankhula mosamala, chifukwa anthu ake amayankha makalata mwaulemu ndiponso mwachangu. Poyamba anatiuza kuti tibwerere ku kernel yawo yakale, ija yomwe ili ndi gpio-hog. Titatumiza zithunzi za oscilloscope, anapempha vidiyo. Titatumiza chithunzi cha tizipangizo tiwiri tija, anavomera kuti anatiwonjezera pofuna kuteteza pini ku phokoso la magetsi, ndipo anati kusinthako kunali kochepa kwambiri moti sikunafunike kulengeza kapena kusintha nambala. Cholinga chawo ndikuchimvetsa, ndipo mwina pa mabolodi a anthu ena chinathandizadi, koma kusintha kumene kukukhudza nthawi ya reset si kochepa kwa munthu amene akulemba dalaivala. Anadzipereka kutisinthira katundu, koma wosinthirayo anali wa mtundu watsopano womwewo.

Tinasankha module iyi chifukwa inali yotsika mtengo poyerekeza ndi zina zimene zinkabwera ndi zikalata zokwanira, ndipo pa zipangizo zambiri kusiyanako kunkaoneka kwakukulu. Ndalama imene tinapulumutsa inathera pa maulendo a anthu opita kukazula pulagi ndi kuibwezeretsa kwa makasitomala, komanso pa masabata a akatswiri awiri amene anasiya ntchito ina kuti asake vutoli, ndipo wogulitsa anakana kulipirako kalikonse ponena kuti chitsimikizo chake chimakhudza module yowonongeka yokha. Chipu chenichenicho ndilibe nacho mlandu, ndipo amene ali ndi oscilloscope komanso mphamvu pa kernel yake akhoza kuigwiritsa ntchito module iyi popanda mantha. Ife taimitsa oda yotsatira mpaka mgwirizano utalembedwa kuti kusintha kulikonse kwa m'kati tiziuzidwa katundu asanatumizidwe. Chojambula chokonzedwa, chosonyeza resistor ndi capacitor zija, chinafika sabata yomwe tinaimitsa odayo, koma pa za mgwirizano sanatiyankhebe.