HTML kapena Markdown: muyambe ndi iti polemba ma link?

HTML ndi Markdown ndi njira ziwiri zolembera masamba a pa intaneti pogwiritsa ntchito zizindikiro. Tinene kuti mukufuna kuika link ya Wikipedia ya Chichewa pa tsamba lanu. Mu HTML mumalemba chonchi:

<a href="https://ny.wikipedia.org">Wikipedia ya Chichewa</a>

Mu Markdown n'chonchi basi:

[Wikipedia ya Chichewa](https://ny.wikipedia.org)

Amene anayesapo kulemba zimenezi pa foni akudziwa kale yomwe imapepuka. Zizindikiro za < ndi > zimabisala kutali pa kiyibodi, ndipo mukaiwala kutseka ndi </a>, mawu otsatira nawo amasanduka link. John Gruber anapanga Markdown mu 2004 n'cholinga choti zolemba ziziwerengeka bwinobwino zisanasinthidwe n'komwe. Mutu umayamba ndi #, mawu oti aoneke akuda kwambiri mumawaika pakati pa nyenyezi ziwiri uku ndi uku. Ozolowera WhatsApp musasokonezeke, kumeneko nyenyezi ndi imodzi.

Komabe ine ndimauza oyamba kumene kuti ayambe ndi HTML. Chrome ndi Firefox sizisandutsa zokha Markdown kukhala tsamba. Pamafunika pulogalamu yoisintha kaye kukhala HTML, ngati mmene GitHub, webusaiti yosungirako mapulogalamu, imachitira ndi fayilo ya Markdown yotchedwa README.md. HTML, yomwe Tim Berners-Lee anayambitsa ali ku CERN (malo ofufuzira za sayansi ku Ulaya), sifuna mkhalapakati. Tsegulani Notepad (pulogalamu yolembera ya pa Windows), lembani, sungani ndi dzina loti index.html, dinani kawiri, tsamba latuluka, ngakhale bandulo itatha dzulo. Ingoonetsetsani kuti Notepad sinawonjezere .txt kumapeto.

Palinso zina zomwe Markdown imagonja nazo. Mukafuna kuti link izitsegukira pa tabu ina, mu HTML mumangowonjezera target="_blank". Mu Markdown mulibe zoterozo, ndiye mumabwereranso kukabwereka HTML yomweyo n'kuilowetsa pakati pa zolemba zanu. Ma tebulo nawo munalibe mu Markdown yoyambirira. Anachita kuwonjezeredwa ndi ena monga GitHub, n'chifukwa chake tebulo looneka bwino kuno limatha kuphwasuka kwina.

Vuto limodzi silisankha mbali. Mukalemba ny.wikipedia.org popanda https:// kutsogolo, kompyuta imaganiza kuti ndi fayilo yomwe ili m'foda ya tsamba lanu, n'kukaifunafuna kumeneko osaipeza. Adilesi yachidule ngati zithunzi.html ndi ya masamba anu okhala m'foda imodzi ndi index.html; ya kunja ilembeni yonse.