Boti langa la jeti patatha miyezi ingapo: oyilo wandidyera ndalama

Mnzanga wina wa ku Mufakose mu Harare wandifunsa ngati naye agule boti la jeti (loyenda pokoka madzi n'kuwalavulira kumbuyo mwamphamvu) logwiritsidwapo kale ntchito, la injini ya two-stroke (yowotcha petulo pamodzi ndi oyilo), ngati lomwe ndinagula chaka chatha. Funsoli lafika nditangolipira amakaniko, mtima usanakhale m'malo.

Zabwino zilipo. Pa Lake Chivero, nyanja ya pafupi ndi Harare, botili limathamanga, limakhota pamalo ochepa, ndipo poti lilibe pulopela yolendewera pansi, ndimafika nalo pamadzi osaya mosaopa. Namasupuni amatseka sefa yokokera madzi, koma ameneyo amavutitsa aliyense wolowa m'nyanjayi.

Chomwe chinandisowetsa mtendere ndi utsi ndi mapulagi. Pogula, ogulitsa anandiuza kuti pampu yothira oyilo mu injini inasiya kugwira ntchito kalekale, ndiye ndizisakaniza ndekha 40:1, kutanthauza theka la lita ya oyilo pa chigubu cha malita 20 a petulo. Ndinkachita zomwezo, ndi oyilo wa TC-W3 wa injini zoziziritsidwa ndi madzi, osati uja wa makina odulira mitengo. Koma ndikangoyenda pang'onopang'ono pochoka pagombe, injini inkayamba kutsokomola, utsi wabuluu tolotolo, kenako zii. Ukamasula pulagi n'kuipeza yakuda bii, yonyowa, kunsonga kutamatirira mwaye wonata ngati phula. Kupukuta, kubwezera, kuyenda pang'ono, yazimanso. Ana atavala kale majekete oyandamitsa, akungondiyang'ana.

Nditawaimbira ogulitsa aja anangoti, "Achimwene, ndi petulo wa kuno ameneyu, ethanol wachuluka." Mawuwo si abodza onse ayi. Petulo wa mu Zimbabwe amasakanizidwadi ndi ethanol, nthawi zina mpaka 20 peresenti, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Akakhalitsa m'thanki, madziwo amadikha pansi pomwe paipi imayamwira. Komanso Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, mpweya ndi wopepuka, choncho kabuleta yotcheredwa kumadera otsika imapereka mafuta ochuluka kuposa mpweya. Ndinatsukitsa thanki, petulo n'kumagula m'mawa wa tsiku lopita kunyanja. Utsi osasintha.

Anatulukira vutoli ndi bambo ena achikulire okonza mainjini ku Graniteside, dera la mafakitale mu Harare. Anayang'ana kathanki ka oyilo kam'botimo, komwe ogulitsa anati ndi kongotsala, n'kulemba mzere ndi choko pomwe oyilo analekezera. Titabwerako kunyanja, oyilo anali atatsika pansi pa mzere uja. Pampu imene inkanenedwa kuti inafa ija inali moyo. Injini inkamwa oyilo kawiri, wa m'chigubu ndi wa pampu, n'chifukwa chake mapulagi ankamira.

Bambowo anati pampu yakale yosadziwika mbiri yake sangaikhulupirire, chifukwa tsiku lomwe ingaime osadziwa, pisitoni imagwira. Anaichotseratu, kutseka mapaipi ake, kupala mwaye pamapisitoni ndi mu ekizozi, n'kutchera kabuleta molingana ndi kuno. Anandionetsanso kasakanizidwe: oyilo ayambe kulowa m'chigubu ndi petulo pang'ono, ukhutchumule, kenako udzaze. Zonse pamodzi madola 260, osawerengera mapulagi omwe ndinataya m'mbuyomu.

Panopa injini imadzuka kamodzi, utsi ndi wochepa, ndipo ndikakhala pakati pa nyanja ndimaiwala zonsezi, ndimalikonda botili. Ndikafika kunyumba n'kuona risiti, mkwiyo umabwerera. Ndinapempha ogulitsa kuti tigawane mtengowo pakati, poti mawu awo ndiwo anabweretsa vutoli. Anati boti ndinaliyesa ndekha ndisanalipire, ndiye angondipatsa botolo limodzi la oyilo. Ndinakana.

Mnzanga uja ndamuuza kuti akafuna kugula, apite ndi makaniko wake akaone pampuyo ndi maso, ayeze mphamvu ya masilinda, ndipo pamtengo achotserepo madola 300 okonzetsera. Akapezeka kuti akugula kwa omwe anandigulitsa ine, awakumbutse kuti madola 130 anga ndikuwadikirabe.