Maso anasiya kuwawa, koma kutuwa kwake muziyembekezera

Ndadzola mafuta awa oteteza khungu ku dzuwa kwa miyezi itatu tsopano, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ali ndi mankhwala otchinga dzuwa a zinc oxide 20 peresenti, SPF 30 (nambala yosonyeza mphamvu yotchinga dzuwa), ndipo alibe fungo lililonse.

Chimene chinandichotsa ku mafuta amene ndinkadzola kale ndi maso. Thukuta likangoyamba, mafutawo ankatsetserekera m'maso n'kumawawa ngati mwalowa sopo, misozi ili chuchuchu. Nditatembenuza botolo ndinapeza kuti mankhwala otchinga dzuwa amene analimo ndi oxybenzone, octinoxate ndi avobenzone. Ndinawerenganso kuti mu 2019 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linati pa mankhwala 16 omwe amaikidwa m'mafuta amtunduwu, awiri okha, zinc oxide ndi titanium dioxide, ndi amene ali ndi umboni wokwanira woti ndi abwino kuthupi. Enawo ambiri sanati ndi oopsa, ayi. Anati pakufunika umboni wina, ndipo kafukufuku wawo anapezanso kuti ena amalowa mpaka m'magazi. Kwa ine zimenezo zinakwanira. Awa a zinc amakhala pamwamba pa khungu, ndipo chiyambireni maso anga sanawawepo ngakhale tsiku limodzi. Tiziphuphu tomwe tinkandituluka m'mphepete mwa tsitsi tinathanso.

Tsono nyenyezi yachisanuyo ndaimana chifukwa cha kutuwa. Pabotolo analemba kuti sasiya zoyera, koma amene analemba zimenezo sindikudziwa kuti anayesera pakhungu la ndani. Langa ndi lakuda, ndipo tsiku loyamba nditadziyang'ana pagalasi nkhope inali mbuu, m'nsidze ndi m'mbali mwa mphuno muli timizere toyera. Mwana wanga anandifunsa ngati ndikudwala. Sabata yonse ndinkangodzola pang'ono kuti ndisaoneke choncho, osadziwa kuti ndikudzinamiza ndekha. Nambala ya SPF ija amaiyeza atapaka mamiligalamu 2 pa kachigawo ka khungu ka sentimita imodzi mbali zonse, ndiye ukapaka theka lake chitetezo chimatsika kwambiri. Nkhope ndi khosi zimafuna mizere iwiri yodzaza zala ziwiri.

Njira imene yandithandiza ndi iyi: ndimayamba ndadzola mafuta ofewetsa khungu, kenako awa ndimawapaka kawiri, pang'onopang'ono, ndikuwasisita m'manja kaye kuti afewe. Pakapita mphindi 10 kutuwa kumachepa, ngakhale sikutheratu. Pachithunzi chojambulidwa ndi flash ndiye kumaonekera ndithu. Amathimbiriritsanso kolala ya malaya akuda, ndipo madzulo sopo yekha sawachotsa bwino, pamafunika kuyamba ndi mafuta osambira kumaso.

Dzuwa lokha amalitchinga. Ndinakhala tsiku lonse m'mbali mwa madzi, ndikubwereza maola awiri alionse komanso ndikatuluka m'madzi, poti analemba kuti amapirira madzi mphindi 80 zokha. Mapewa sanapse. Musavutike kusaka nambala yaikulu: SPF 30 imatchinga pafupifupi 97 peresenti ya UVB, cheza cha dzuwa chomwe chimawotcha khungu, pamene SPF 50 imatchinga pafupifupi 98. Chofunika kwambiri n'chakuti atchingenso UVA, cheza chomwe chimakalambitsa khungu ndi kudetsa mawanga, ndipo apa zinc oxide amaposa titanium dioxide.

Za chilengedwe, ndinaphunzira kusakhulupirira kutsogolo kwa botolo. Ku Hawaii anakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa mafuta okhala ndi oxybenzone ndi octinoxate kuyambira pa 1 January 2021, pofuna kuteteza matanthwe amoyo a m'nyanja otchedwa coral, ndipo dziko la Palau linali litayamba kale mu 2020. Koma mawu akuti "reef safe", otanthauza kuti mafutawo saononga coral, aliyense akhoza kungowalemba, palibe lamulo lomwe limawayang'anira. Ndinagwirapo botolo lina lokongola, lojambulidwa nsomba ndi mafunde, polembedwa "mineral" (mawu onena za mafuta a zinc oxide kapena titanium dioxide) ndi zilembo zikuluzikulu, koma kumbuyo zinc anali wochepa, atasakanizidwa ndi mankhwala ena atatu. Awa amene ndikuwanenawa, pamndandanda wa zoteteza ku dzuwa pali dzina limodzi basi, zinc oxide. Sindikunena kuti zinc ndi woyera mtima m'madzi, chilichonse chochuluka chimasiya zake. N'chifukwa chake ndikamasambira ndimavala malaya a manja aatali, mafuta n'kungopaka pomwe nsalu sinafike.

Oteteza ku dzuwa opopera ndi a ufa ndinawakana dala. Zinc oxide ndi titanium dioxide n'zabwino pakhungu, osati m'mapapo, ndipo titanium dioxide wopumidwa ngati fumbi, bungwe la IARC, lofufuza za khansa padziko lonse, linamuika pagulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa.

Botolo likatha ndigulanso, koma ulendo uno ndifuna amtundu womwewu osakaniza ndi iron oxide, aja amabwera ndi mtundu wofanana ndi khungu. Ngati khungu lanu ndi lakuda ngati langa, yambani ndi kabotolo kakang'ono, mupake patsaya, mutuluke panja mukadzione pa kuwala kwa dzuwa musanagule lalikulu.