Ndemanga: maphunziro a bizinesi ya zosoka omwe ndinachita muno mu Chipata

Ndakhala ndikusoka kwa zaka 11, ndipo kashopu kanga kali kufupi ndi msika wa Kapata. Nditamva kuti kwabwera maphunziro a masabata 6 ophunzitsa matelala kuunika bizinesi ndi kupanga zovala zatsopano zogulitsa, ndinakayika. Ndalama yake inali K1,200, ndipo ankaphunzitsa Loweruka m'mawa, nthawi yomwe makasitomala amabwera kudzatenga zovala za ukwati ndi za kutchalitchi. Ndinalipirabe. Patha miyezi inayi chimalizireni, ndiye ndikhoza kunena zomwe ndaona.

Tsiku loyamba aphunzitsi anatipempha kuti aliyense atchule chovala chomwe amasoka kwambiri ndi mtengo wake. Ine ndinati diresi la chitenge, K150 ngati kasitomala wabwera ndi nsalu yake. Anandiitanira kutsogolo nandipatsa choko. "Amayi, lembani chilichonse chomwe chimatuluka m'thumba mwanu kuti diresilo lithe." Ndinalemba ulusi, zipi ndi layining'i, n'kuima. Iwo anafunsa za makala a simbi, singano zomwe zimathyoka, mafuta a makina, renti, ndalama yomwe ndimapatsa mnzanga wa ovaloko (makina osoka m'mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke), ngakhalenso mayunitsi oimbira kasitomala katatu kuti adzatenge chovala chake. Titachotsera zonsezo, yotsalayo tinaigawa ndi maola 7 omwe ndimathera pa diresi limodzi. Manyazi anandigwira. Wakabaza wondinyamula m'mawa amapeza zambiri pa ola kuposa ine. Anzanga anaseka, koma aliyense atafika pa bolodi kuseka kunatha.

Gawo limeneli lokha linabweza ndalama yanga. Lero ndili ndi kabuku kolemba mtengo weniweni wa chovala chilichonse, ndipo sindidulanso nsalu munthu asanapereke theka.

Chomwe ndinakonda koposa ndi gawo la zovala zatsopano. Ife matelala tinazolowera kudikira: munthu abwere ndi chithunzi cha pa Facebook, timuyese, tisoke. Aphunzitsi anati tiyese kupanga chathuchathu, koma anatiletsa kugwira sizasi tisanalankhule ndi anthu 20. Ine m'mutu mwanga munali madiresi a ana a chitenge. Nditazungulira pa Saturday Market ndikufunsa azimayi, maganizowo anafera pomwepo. Mayi wina anandiuza mosabisa kuti, "Amayi, mwana akukula mwezi ndi mwezi, ndingasokeretse bwanji pomwe pa salaula ndipeza atatu ndi ndalama yomweyo?" Ananena zoona. Salaula sungapikisane naye pa mtengo, ndipo amene amayesa amangotopetsa miyendo yake pa makina.

Koma pocheza pomwepo azimayi angapo oyamwitsa anadandaula chinthu chimodzi: akavala diresi labwino popita kutchalitchi kapena ku sikelo, kuyamwitsa kumavuta, mpaka amabwerera ku bulauzi ndi chitenge. Pa salaula diresi lotere limapezeka mwa mwayi, saizi yakenso siikhala yako. Ndinasoka atatu oyesera, okhala ndi zipi yobisika pachifuwa, n'kupatsa azimayi atatu kuti avale sabata imodzi. Awiri anabweza akuti zipi ikukanda tsaya la mwana. Ndikadasoka 30 nthawi imodzi, monga ndinkafunira poyamba, bwenzi ndikulira. Ndinachotsa zipi, ndinaika nsalu yopingasa ndi timabatani tomata tiwiri, ndipo diresi limeneli ndi lomwe ndikugulitsa pano. Anatiphunzitsanso kupanga mapatani a pepala lolimba a masaizi atatu, kuti usamayese munthu aliyense payekha. Kudula kumafulumira, nsalunso siitayika yambiri.

Tinajambulanso kalendala ya ndalama ya kuno kwathu, ndipo apa ophunzira ndi amene tinaphunzitsa aphunzitsi. Januwale ndi mayunifomu, makamaka kuyambira 2022 pomwe boma linachotsa fizi m'masukulu aboma ndipo ana anachuluka m'makalasi. Kumapeto kwa Febuluwale kuli Nc'wala ku Mtenguleni, mabungwe amafuna malaya ofanana. Kenako kumakhala zii mpaka alimi agulitse soya, mtedza, chimanga ndi thonje. Ogasiti ndi Kulamba ku Mkaika ku Katete, komwe kumabwera Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo maukwati amatsatana mpaka Disembala. Telala amene sasunga ndalama ya Ogasiti, mwezi wa Marichi amagulitsa simbi.

Zondikhumudwitsa zilipo. Sabata yachiwiri yonse inathera pa zitsanzo za Zara, kampani ya zovala ya ku Spain, ndi zovala za nyengo yachisanu za ku Ulaya. Ife tikufuna kudziwa ngati kuli bwino kukapikula vitenge ku Kamwala ku Lusaka, kudikira obwera nazo kuchokera ku Nakonde, kapena kudumpha pa Mwami kupita ku Lilongwe komwe kuli pafupi kuposa Lusaka, nanga za msonkho wa pa boda zimayenda bwanji. Funso limeneli linayankhidwa ndi mnzathu wina wa ku Mchini, osati aphunzitsi. Zinandiwawanso kuti tili m'chigawo cholima thonje, koma palibe nsalu ngakhale imodzi m'shopu mwanga yowombedwa kuno, ndipo nkhani imeneyi sinakhudzidwe n'komwe.

Mapepala onse anali m'Chingerezi chozama. Amayi awiri achikulire, odziwa kusoka kuposa tonsefe, anasiya sabata yachitatu chifukwa cha zimenezi. Phunziro la Excel linali la chabe: makompyuta anali anayi, ife tinalipo 18, magetsi anathima pakati, ndipo ambirife kunyumba tili ndi foni basi. Bwenzi atationetsa kulemba m'kabuku kapena pa foni. Za kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA ndi kupempha thandizo la CDF (thumba la boma la chitukuko cha m'madera) anangodutsapo mphindi zochepa tsiku lomaliza, anthu akusonkhanitsa zikwama.

Ngati simunayambe kusoka, musapiteko. Saphunzitsa kupalasa makina kapena kulumikiza mkono wa malaya. Ngati muli kale ndi makasitomala koma kumapeto kwa mwezi simudziwa komwe ndalama yalowera, pitani, ndipo mutenge ziwerengero zanu zenizeni, osati zokometsera. Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Satifiketi anati itenga masabata awiri, mpaka lero ndikuimbabe foni. Madiresi oyamwitsira ndagulitsa 26, ndipo mayi wina wa ku Katete waitanitsa 10 kuti akayese pa shopu yake Kulamba isanafike.