Kosi yosoka matenti ndi malona ku Jeppestown, mmene ndaionera

Abale anga kuno ku Joni amene muli ndi luso losoka koma mwatopa ndi kumangopinda mathalauza, kosi iyi ndi yabwino ndithu. Ine ndinapita ndikungodziwa mashini wamba, kumeneko ndakakumana ndi ya walking foot ija imakoka nsalu pamwamba ndi pansi nthawi imodzi, PVC, nsalu yokutidwa ndi pulasitiki, yolemera magalamu 550 pa sikweya mita kumangoyenda bwinobwino osakwinyika. Tsiku lomwe tinaphunzira kumata PVC ndi mpweya wotentha, kugudubuza karola pamsoko mpaka kugwirana ngati chinthu chimodzi, mtima wanga unachita kuti myaa, madzi sangadutse pamenepo olo pang'ono.

Aphunzitsi ake ndi bambo odekha, amatiphunzitsanso kawerengedwe ka mtengo, akuti ulusi, zipi, ngakhale ya takisi yokagulira nsalu ku Fordsburg uziwerengera zonse, ambirife timaluza pomwepa. Chondidandaulitsa nchoti mashini yomatira ndi imodzi yokha ndiye mumadikirana mpaka dzuwa kupendeka.

Panopa ndasoka kale lona wa bakkie (galimoto ya pikapu) ya achimwene ena aku Rosettenville, mvula yagwa kawiri koma katundu wawo sananyowe.