Ulendo wapansi wokhala ndi wotiperekeza mu Toruń: nyenyezi 4 mwa 5

Ndinalipiriratu pa intaneti ulendo woyenda wapansi m'tawuni yakale ya Toruń ku Poland, m'mphepete mwa mtsinje wa Vistula, ndipo ndalama zanga sizinapite padera.

Ambiri amapitako chifukwa cha Copernicus, katswiri wa sayansi ya zakuthambo, yemwe anabadwira kumeneko mu 1473. Mayi amene ankatiperekeza anationetsa nyumba imene amasungiramo za moyo wake komanso chipilala chake pabwalo la msika, koma sanachedwepo. Kumene anatikhazika pansi n'kufotokoza mwachifatse ndi pa mabwinja a linga la asilikali achipembedzo a Teutonic Order. Iwowa ndi amene anakhazikitsa tawuniyi, n'kuipatsa chikalata cha ufulu wake mu 1233. Eni tawuni analemera ndi malonda a pamtsinje, mpaka analowa m'gulu la mizinda yamalonda la Hansa. Atatopa ndi kulamulidwa, mu 1454 anaukira asilikaliwo, nagumula lingalo, ndipo silinamangidwenso. Nkhondo yomwe inayamba chaka chimenecho inatha mu 1466, pangano lamtendere analisainira mu Toruń momwemo, tawuniyo ili m'manja mwa mfumu ya Poland.

Nditamva zimenezi, nyumba za njerwa zofiira zija ndinayamba kuziona mwina. Holo yaikulu ya tawuni, nkhokwe zazitali za tirigu, matchalitchi aakuluakulu, zonsezi ndi chuma ndi liuma la amalonda omwe sanafune kuweramira munthu. Ndipo nyumbazi n'zakale zenizeni, chifukwa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse sinaphwasule tawuniyi monga inachitira ndi Warsaw, likulu la Poland. N'zosadabwitsa kuti UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wake wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1997.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa ziwiri. Gulu linali lalikulu, mayiwo analibe chokuzira mawu, moti oyima kumbuyo ankangomva zidutswa. Komanso tinataya nthawi yaitali m'sitolo ya pierniki, mabisiketi a uchi ndi zokometsera omwe Toruń imatchuka nawo. Ngokoma ndithu, koma chifukwa cha iwo tinangothamangira m'tchalitchi chachikulu cha Yohane Woyera, momwe muli belu lotchedwa Tuba Dei la mu 1500, lolemera matani oposa 7. Zinandiwawa.

Mukamalipira, funsani kukula kwa gulu, ndipo muvale nsapato zafulati, misewu yake ndi ya miyala. Mukapemphe wokuperekezani ulendo usanayambe kuti ku tchalitchiko akupatseni nthawi yokwanira.