Blue Bay kapena Trou aux Biches: sitima ikaima ku Mauritius, mukaonere kuti nsomba?

Nyengo ya masitima apamadzi a alendo ikayamba ku Durban, cha mu Novembala mpaka Epulo, funso limene ndimalandira limakhala lomwelomwelo: "Achimwene, tikafika padoko la Port Louis, likulu la Mauritius, tikasambire kuti poti tione nsomba osalipira ulendo wodula wa pasitima uja?" Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere.

Ndikunena za snorkeling yoyambira pagombe, yoti wavala magalasi, kapaipi kali pakamwa, walowa m'madzi ndi miyendo yako popanda boti. Ambirife tinaphunzirira ku Cape Maclear, pa Otter Point paja, pomwe umangotsetsereka pamwala mbuna n'kukuzinga nthawi yomweyo. Ku Mauritius sizili choncho. Chilumbachi chinazunguliridwa pafupifupi mbali zonse ndi mpanda wa korali (tizamoyo ta m'nyanja timene timamanga zigoba zolimba ngati miyala) umene umaswa mafunde kutali, ndipo pakati pa mpandawo ndi gombe pamakhala madzi odekha, osaya, pansi pake mchenga, udzu ndi zidutswa za korali wakufa. Gombe likhoza kukongola mpaka kukulanda mtima koma m'madzi mulibe choona. Choncho mafunso ndi awiri okha: korali wamoyo wayandikira gombe pati, ndipo malowo atalikirana bwanji ndi doko pomwe sitima yanu yaima.

Ndiyambe ndi Blue Bay, chifukwa ndi dzina limene aliyense adzakuuzeni, komanso ndi kumene ndili nako kukhosi.

Zabwino zake sindingazibise. Malowa ndi otetezedwa kuyambira 1997, mu 2008 analowa m'gulu la malo a Ramsar (malo amadzi otetezedwa ndi mgwirizano wa mayiko), ndipo kukula kwake ndi mahekitala 353. Korali wa kumeneko sindinamuonepo kwina kulikonse pachilumbachi: wina wotambalala ngati matebulo osanjikizana, wina wa nthambi, wina wopindikapindika. Ngakhale chisitima cha MV Wakashio chitagunda mpanda wa korali pafupi ndi Pointe d'Esny mu Julayi 2020 n'kutaya mafuta pafupifupi matani 1,000 m'nyanja chakufupi komweko, Blue Bay akadali malo oyenera kuwaona. Pamenepa palibe mkangano.

Vuto ndi lakuti Blue Bay ali kummwera chakummawa, pafupi ndi bwalo la ndege, makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Port Louis. Muyenera kudula chilumba chonse pamsewu wa M1, kukwera mpaka cha ku Curepipe n'kutsikanso, ola lathunthu kapena kuposa, ndipo pobwerera masana mutha kukumana ndi mzere wa magalimoto cha kumzinda. Munthu amene sitima yake yaima tsiku limodzi wataya kale maola awiri kapena atatu ali chikhalire pampando.

Koma chimene chinandiwawa si mtunda. Tisananyamuke padoko ndinafunsa woyendetsa takisi mobwerezabwereza ngati korali wotchukayo munthu angamufikire posambira kuchokera pamchenga. Anati inde, osadandaula, mukangolowa m'madzi nsomba zili pomwepo. Tinagwirizana mtengo, tinanyamuka. Titafika, galimoto isanazime n'komwe, panali patafika kale bambo wina wa boti lokhala ndi galasi pansi, akutiitana ngati anatidziwa kalekale. Zinaonekeratu kuti awiriwa anali atakambirana pafoni tili m'njira. Ife tinakana, tinati tabwerera zapagombe. Tinalowa m'dera losambira lomwe analizinga ndi mipira yoyandama, ndipo tinapezamo mchenga woyera, madzi okongola, timagulu ta korali apa ndi apo, ndi nsomba zowerengeka. Munda weniweni wa korali uli mkati mwa nyanja, pakati pa gombe ndi kachilumba ka Île des Deux Cocos, komwe maboti amadutsadutsa ndipo madzi amakoka. Munthu wanzeru sangapiteko ndi manja ake, makamaka ali ndi mkazi ndi ana.

Ndiye mwayenda ulendo wonsewo, mubwerera osaona chimene munadzera? Tinalipira boti. Mtengo wake unali wa munthu aliyense payekha, mwana yemwe, ndipo sunatsike chifukwa bamboyo ankadziwa kuti tilibe kolowera. Nthawi yambiri inathera kuyang'ana pagalasi la pansi pa boti tili chiweramire, ndipo atatilola kulowa m'madzi, tisanazolowere n'komwe, anayamba kuimba likhweru kuti tibwerere chifukwa gulu lina likudikira kumtunda. Mwana wanga anali atangoyamba kumene kupuma bwino ndi kapaipi. Pobwerera ku takisi, mkulu uja anati mtengo tinagwirizana uja unali wa ulendo wokha, kudikira kuli ndi ndalama yake. Nthawi inali itatha, sitima sidikira munthu, ndipo ndinapereka mtima ukuwira. Mpaka lero ndikamva munthu akunena kuti Blue Bay ndi malo a snorkeling yapagombe yaulere, ndimamufunsa ngati anafikako kapena anangoona zithunzi.

Ulendo wokonzedwa ndi sitima sindiunenera zambiri. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: basi yawo ikachedwa, sitima imakudikirani. Kupatula apo mumalipira ndalama zambiri kuti mukhale m'gulu la anthu ochuluka, ndipo kusambira kumangokhala kachigawo kakang'ono pakati pa nkhomaliro, nyimbo ndi sitolo ya zokumbukira. Kwa agogo kapena munthu woopa madzi ndi wabwino. Kwa amene wabwerera nsomba, ayi.

Kumene ine ndimatumiza anthu ndi ku Trou aux Biches, kumpoto chakumadzulo, makilomita pafupifupi 20 kuchokera padoko. Msewu ukakhala bwino ndi ulendo wa theka la ola kapena kupitirira pang'ono. Mukatuluka m'sitima mmawa, dzuwa lisanakwere mwalowa kale m'madzi, pomwe anzanu a ku Blue Bay akadali m'galimoto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Musayembekezere kuti mukangoponda m'madzi muona zodabwitsa. Poyambira pali mchenga ndi udzu. Muyenera kusambira molunjika kumpanda wa korali, modekha, mpaka pansi payambe kuoneka zigamba zakuda, ndipo pamenepo ndiye pali moyo. Korali wambiri wa kufupi anafa kapena anathyoka, izi ndinene poyera, chifukwa kutentha kwa madzi a m'nyanja kwawononga korali m'madera ambiri ndipo mapazi a alendo awonjezera. Koma nsomba zilipo, ndipo sizithawa munthu. Pali tinsomba ta mizere yakuda timene timabwera gulu mpaka kutsogolo kwa magalasi. Pali zachikasu zoyenda ziwiriziwiri, zina zazitali zowonda zimene zimaima mutu pansi osagwedezeka, ndi ina ya mizere yosokonekera kumaso imene ikakuona wayandikira dzenje lake imakuthamangira molimba mtima ngakhale ndi yaing'ono. Imene ine ndimaikonda ndi parrotfish, yobiriwira mosakanikirana ndi buluu, ya mlomo wolimba. Mukasiya kukupiza miyendo n'kungoyandama chete, mumaimva ikukukuta korali, khurrr khurrr, ngati munthu akutafuna chimanga chokazinga, kenako imatulutsa kamtambo ka mchenga kumbuyo n'kupitirira. Mchenga woyera mukuugonera pagombewo, wina unadutsa m'mimba mwa nsomba imeneyi. Zoterezi simungazione pa mphindi zochepa za boti la likhweru. Zimafuna munthu amene palibe akumuthamangitsa.

Ndicho chifukwa chake ndimaika Trou aux Biches patsogolo, ngakhale korali wake sangafanane ndi wa ku Blue Bay. Mumalowa, mwatopa mumatuluka, mumakhala pamthunzi wa mitengo ya filao, mumagula mine frite (manudozi okazinga) kapena dholl puri (chapati yokhala ndi nyemba zopera mkati) pa kagalimoto ka m'mbali mwa msewu, mumatsitsira chinanazi chothira tsabola, n'kulowanso. Palibe amene akukulipiritsani polowa, chifukwa gombelo ndi la anthu onse. Ana amasewera m'madzi ofika m'chiuno inu mukuwaona.

Choipa chake chachikulu ndi maboti. Kumeneko kuli maboti othamanga okoka anthu, ndipo woyendetsa sangaone msanga mutu wa munthu amene nkhope yake ili m'madzi. Njira zawo anaziika zizindikiro zoyandama. Musanalowe, imani kaye pamchenga muone kumene akudutsa, ndipo musadule njira yawo mwachisawawa. Valani chovala chowala, chofiira kapena chachikasu. Mmawa maboti amakhala ochepa ndipo madzi amakhala oyera. Masana mchenga umavunduka. Sitima yanu ikaima Lamlungu, dziwani kuti mabanja a komweko amadzaza gombe ndi mapoto awo, choncho lawirirani.

Magombe ena ndingowatchula mwachangu. Pereybere, kupitirira Grand Baie, ndi kagombe kakang'ono ka madzi akuya msanga, kokoma kusambira, ndipo nsomba zimapezeka cha kumiyala ya m'mbali, koma anthu amathithikana. Mont Choisy ndi wa mchenga wokhawokha, pitani mukagone. Flic en Flac, kumadzulo, ali ndi gombe lalitali koma madzi ake ndi osaya kwambiri, pansi pali zidutswa zakuthwa ndi tinungu ta m'nyanja tochuluka, moti madzi akaphwa mimba imakhula pansi. Île aux Cerfs ndi kutali, kumafuna boti, ndipo anthu sapitirako nsomba. Balaclava ndi malo enanso otetezedwa ndipo ali pafupi kwambiri ndi Port Louis, koma mbali yaikulu ya gombe lake inazingidwa ndi mahotela, mlendo wa tsiku limodzi amavutika kupeza polowera.

Pa za mayendedwe, takisi za kumeneko kawirikawiri siziyatsa mita, ndiye mtengo mumagwirizana musanakwere. Nenani momveka kuti ndi wa kupita, kudikira ndi kubwerera, wa galimoto yonse osati munthu mmodzi, ndipo ndi wa ma rupee, ndalama za ku Mauritius, osati mayuro. Lembani pafoni, muonetseni, avomereze. Ndalama mupereke atakufikitsani padoko. Akayamba zoti tidutse kaye pasitolo ya m'bale wake, kanani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo. Mabasi opita kumpoto amanyamukira pa Immigration Square ndipo ndi otsika mtengo kwambiri, koma amaima paliponse. Popita mungakwere, pobwerera musadalire basi. Apanso Trou aux Biches akupambana, chifukwa zinthu zikasokonekera muli pafupi ndi doko ndipo takisi ina siisowa. Mukasiyidwa ku Blue Bay nthawi itatha, mtima umagunda njira yonse.

Samalani ndi nthawi. Mauritius ili patsogolo ndi maola 2 poyerekeza ndi Durban kapena Lilongwe, ndipo foni ikhoza kudzisinthira yokha kapena osasintha. Tsatirani nthawi imene sitima yalengeza, jambulani pepala la tsikulo lomwe pamakhala ola lobwerera ndi nambala ya wothandiza wapadoko, ndipo konzani zofika ola lathunthu chitseko chisanatsekedwe. Wopita payekha akachedwa, sitima imapita.

Magalasi ndi kapaipi gulani anu ku Durban, muwayese kumaso musananyamuke. Obwereka pagombe nthawi zambiri amalowa madzi, ndipo kapaipi kake kadutsa pakamwa pa anthu osawerengeka. Nsapato za m'madzi ndi zofunika kuposa zonse. Kunyanja kwathu tinazolowera kuponda paliponse opanda nsapato, koma kuno kuli tinungu ta minga yaitali yothyokera m'thupi, komanso stonefish imene imagona pansi yofanana ndendende ndi mwala, ululu wake wokagonetsa munthu kuchipatala. Musaime pa korali, musagwire chilichonse, musatole choti mupite nacho, ndipo buledi uja timaponyera mbuna musabwere naye kuno. Madzi amchere amakuyandamitsani mosavuta kuposa a nyanja yathu, moti mutha kukhalitsa osatopa, msana ndi kumbuyo kwa miyendo zikupsa osadziwa. Khungu lakuda nalonso limapsa, valani malaya. Ndipo musayandikire pampata pomwe mpanda wa korali watseguka, chifukwa madzi akamaphwa amatulukira pamenepo mwamphamvu.

Miyezi ya masitimayi ndi yomwenso ya mvula ndi anamondwe m'nyanja ya Indian Ocean. Kukagwa chimvula usiku, madzi a kufupi ndi gombe amada ndipo palibe chimene mungaone, kaya ku Blue Bay kaya kumpoto. Tsiku lotero musawononge ndalama ya takisi, pitani kumsika waukulu wa Port Louis mukadye.

Masitima ena amagona ku Port Louis usiku umodzi. Ngati yanu ndi yotero, tsiku loyamba pitani ku Blue Bay, koma mupite mukudziwa kuti ndi ulendo wa boti: ndalama ya boti ikhale m'thumba, mukasankhe nokha boti pagombe osati lokusankhirani woyendetsa takisi, ndipo mugwirizane nthawi yokhala m'madzi musanakwere. Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha, musamvere aliyense padoko paja. Uzani takisi kuti Trou aux Biches, ndipo akakutengeni pomwe anakusiyani nthawi ya 2 koloko masana.